Dzina lakuti "janki" si umboni



Majanki tonse tiwadziwa. Alanda mafoni, amenya azimai opita ku Soweto m'bandakuca kukaoda tomato. Amenewo agwidwe, palibe wokana. Koma onani zimene zicitika apolisi akalowa mu Kanyama olo mu Chibolya: motoka idzala na aliyense wopezeka pamseu. Mnyamata wa wilibala amene akunyamulirani masaka, cifukwa ca malaya ong'ambika na tsitsi losapesa, nayenso akwezedwa. Mlandu wake? Akuti aoneka monga janki.

M'malamulo a Zambia mulibe mlandu wakuti "janki". Wakuba ulimo, womenya munthu ulimo, ndipo yonse ifuna umboni. Article 18 ya Constitution ikuti munthu alibe mlandu mpaka khoti itamupeza nao. Criminal Procedure Code, section 33, ikuti ngati sangapelekedwe kukhoti m'maola 24, apatsidwe police bond, pokhapo mlandu ukhale waukulu. Bondiyo ni yaulele, musalipile olo ngwee imodzi.

Manje dzinali likamamatila mwana, anthu aleka kufunsa cimene walakwa. Agona masiku m'maselo, komboni yonse ili zii.

Wanu akatengedwa, pitani tsiku lomwelo. Funsani kuti mlandu ni wotani, wadandaula ndani. Akakuzungulitsani, kuli Legal Aid Board na Police Public Complaints Commission. Inu a komiti ya msika, ngati mnyamatayo mumudziwa, tengani NRC yanu mukamuimilile.