TISAIWALE ASILIKALI ASANU A NDEKE

Abale a ku Maramba ndi ku Libuyu, tamvani. Pa 27 April 1993 ndeke ya asilikali athu, Buffalo, popita ku Senegal inagwa m'nyanja pafupi ndi Libreville, ku Gabon. Anafa anthu 30. Anyamata a mpira 18 timawachula caka ndi caka. Nanga asilikali asanu oyendetsa ndekeyo?

Mu 2003 boma la Gabon linati injini imodzi inagwira moto, ndipo woyendetsa, pokhala wotopa, anazima inzace yabwino. Ife anchito tidziwa: makina akafa, mlandu ugwera wogwira.

Colonel Fenton Mhone ndi anzace anai anafera pa nchito, monga afera munthu mumgodi. Agona pamodzi ndi osewerawo pa Independence Stadium, ku Lusaka. Tiziwachula pamodzi.