Kutumiza Ndalama Zachitsulo pa Positi

Lero tikambe za ndalama zachitsulo. Ngwee zinayamba kuyenda m'Zambia mu 1968, pamene kwacha inalowa m'malo mwa paundi.

Mwana akafuna kutumizira agogo ake kangachepe, amaganiza zoponya makobidi mu envulopu. Musatero, ana inu. Kalata imapanikizidwa m'thumba pamodzi ndi zinzake, nigwedezeka ulendo wonse wa ku Chipata. Chitsulo chimaboola pepala, kobidi n'kugwa. Ndiponso aliyense wogwira envulopuyo amamva chimene chili m'kati. Ndicho chifukwa chake malamulo a Universal Postal Union, bungwe lokhazikitsidwa mu 1874, amaletsa kuika ndalama m'kalata wamba yopita kunja.

Pitani ku positi ndi munthu wamkulu, mukapereke ndalamazo pa kauntala kuti zikalipidwe kwa mwini wake. Ngati ndi kobidi lakale lachikumbutso, limateni pakati pa timakatoni tiwiri kuti lisagwedere, ndipo kalatayo ilembetsedwe. Lisiti musataye, pakuti ndiyo mboni yanu.

Aphunzitsi, ikani kobidi mu envulopu yakale, ana aigwedeze, aone okha chimene chichitike.