Fulashi Ndi Mthenga, Si Nkhokwe

Mawu amene mneneri wa Khonsolo ya Dedza adalankhula kwa alembi a makomiti achitukuko, alangizi ndi aphunzitsi pa Mtakataka

 Ndabwera kudzalankhula za kanthu kochepa ngati chala, koma komwe masiku ano kakusenza ntchito ya miyezi yathunthu. Kanthuko ndi fulashi.

Malipoti a kuno kuchigwa amakwera phiri. Mndandanda wa alimi a mpunga a ku sikimu ya Bwanje Valley, zithunzi za mjigo wa ku Golomoti, kaundula wa ana asukulu a ku Mua, zonsezi ziyenera kukafika ku boma. Netiweki ikafooka kapena bandulo ikatha, munthu amaika mafayilo mu fulashi n'kuuyamba ulendo wa m'makhotakhota a msewu wa Golomoti. Funso langa ndi lakuti: chimene chakafika ku Dedza n'chimodzimodzi ndi chimene chidanyamuka kuno?

Ine ndidaphunzira mowawa. Tsiku lina ndidatenga zithunzi za ntchito yomanga midadada ya sukulu m'laputopu ya mnzanga. M'malo mosankha Copy, ndidasankha Cut, ndipo poti wakabaza amandidikira panja, ndidazula fulashi msangamsanga. Nditafika ku ofesi, zithunzi zambiri zidakana kutsekuka. Nditaimbira mnzangayo foni, adandiuza kuti kwa iye kulibe kanthu. Copy imasiya fayilo pamalo pake n'kupanga inzake. Cut imafufuta yoyambayo ikangosamutsa. Ndidabwereranso ulendo wachiwiri, koma makoma anali atapakidwa kale pulasitala, moti umboni wa mmene njerwa zidayalidwira sudapezekenso.

Kuzula fulashi mwaphuma n'koopsa chifukwa nthawi zina kompyuta imaonetsa ngati yamaliza pamene ikulembabe. Dinani Eject, dikirani uthenga wakuti mutha kuchotsa. Ndipo musanadzuke pampando, tsekulani mafayilo angapo kuchokera mu fulashi momwemo, muwerengenso ngati chiwerengero chake chikufanana ndi cha m'kompyuta. Zimatenga mphindi ziwiri zokha.

Dandaulo limene timalimva kwambiri ndi lakuti vayilasi yadya lipoti. Mumatsekula fulashi n'kupeza kuti mafoda onse asanduka tizithunzi tokhala ndi kamuvi pakona. Nthawi zambiri mafayilowo amakhala alipo, angobisidwa. Musadine tizithunzito, chifukwa mukatero vayilasiyo imalowa m'kompyuta, n'kudikira fulashi ya munthu wina. Musathamangirenso kuchita format, poti kumeneko ndiye kufufuta zonse ndi dzanja lanu. Pitani nayo pa kompyuta imene ili ndi antivirus yatsopano. Achinyamata amene amaika nyimbo ndi mafilimu pamsika akuchita bizinesi yabwino, sindikuwanyoza ayi. Koma kompyuta yawo imalandira alendo ambirimbiri pa tsiku. Fulashi ya ntchito ikhale ya ntchito, ya nyimbo ikhale ina.

Ena mwaonapo kanema wa msonkhano akukana kulowa mu fulashi pamene malo alimo ambiri. Mafulashi ambiri amabwera ndi dongosolo la FAT32, limene silandira fayilo imodzi yoposa 4 GB. Dongosolo la exFAT limalandira, koma posintha zonse zili m'katimo zimafufutika, choncho yambani mwazisunga pena. Zithunzi zotumiza pa WhatsApp nazo zitumizeni ngati document, apo ayi zimafika zitachepa mphamvu, ndipo tikazisindikiza m'kalata ya khonsolo nkhope za anthu sizioneka bwino.

Tsono pali nkhani imene ikundikhudza koposa. Mindandanda yathu ili ndi maina a anthu, manambala a ziphaso zaunzika ndi a mafoni, monga ya olandira Mtukula Pakhomo. Mlembi akapita kukasindikiza pashopu, fayilo imatsala m'kompyuta ya eni shopu, ndipo aliyense wobwera pambuyo angathe kuitenga. Kuyambira chaka cha 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri ya anthu yosungidwa motere, ndipo bungwe la MACRA ndilo likuyang'anira. Gogo wa m'mudzi adatipatsa nambala yake potikhulupirira. Mukasindikiza, onetsetsani kuti fayiloyo yafufutidwa muli pomwepo, ndi mu Recycle Bin momwe. Komanso lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga lidayamba kugwira ntchito mu September 2020. Munthu akafunsa mmene ndalama za mlatho zidayendera, yankho lakuti fulashi idatayika silingamukhutiritse, ndipo sayenera kukhutira nalo.

N'chifukwa chake ndikuti fulashi ndi mthenga. Imagwa m'thumba, imanyowa m'nyengo ya mvula, ndipo kutentha kwa Okutobala kuno ku Mtakataka sikuichitira chifundo. Lipoti lililonse likhale m'malo atatu: m'kompyuta ya ofesi, m'chosungira china chimene chimatsekeredwa m'kabati, ndi pa imelo ngati netiweki yalola. Dzina la fayilo likhale ndi malo, nkhani ndi deti. Mafayilo otchedwa "lipoti final" tili nawo ochuluka kale ku boma.

Amene mwabwera ndi mafulashi anu, laputopu ili patebulopa. Tiyamba ndi alembi a ku Golomoti poti kwawo n'kotalikirako.