Boma likalephera kuteteza mwana, lilipire



Lero tikambe za ndalama. Tikudziwa kuti ena mwayamba kale kufunsa mumtima: kodi ndalama ingabweze ubwana wa munthu? Ayi, singabweze. Koma taganizani za mtsikana amene anagwiriridwa ndi mphunzitsi ali sitandade 6, n'kusiya sukulu. Lero ndi mayi wopanda satifiketi, tulo sagona, thiransipoti yopitira kuchipatala amadzilipirira yekha. Nkhanzayo ili ndi mtengo wake, ndipo akulipira ndi iyeyo. Ife tikuti ngati mwana anapwetekedwa ali m'manja mwa boma, kaya kusukulu, kupolisi kapena kumalo osungirako ana, boma lipereke chipukuta misozi.

Izi si zachilendo kuno kwathu. Gawo 46 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa khothi mphamvu yolamula chipukuta misozi ufulu wa munthu ukaphwanyidwa. Tonse tikukumbukira za ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika mu Okutobala 2019. Amayi ndi atsikana 18 anapita kukhothi mothandizidwa ndi bungwe la maloya achizimayi, ndipo mu Ogasiti 2020 Jaji Kenyatta Nyirenda analamula kuti alipiridwe chifukwa cha zimene apolisi anawachita.

Koma mwana nthawi zambiri sayankhula msanga. Amaopa, amaopsezedwa, kapena akulu amamuuza kuti asachititse banja manyazi. Mverani za ku Ireland. Louise O'Keeffe anachitidwa nkhanza ndi mphunzitsi wamkulu wa sukulu yake mu 1973. Atakula anasumira boma, makhothi a kwawo n'kumukanira. Mpaka mu 2014 ndi pamene khothi la ufulu wa anthu la ku Ulaya linagamula kuti boma la Ireland linalephera udindo wake womuteteza. Zaka zoposa 40, amayi! Ndani wa ife angapirire choncho, ndipo ndalama za loya angazitenge kuti?

N'chifukwa chake tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, pakhale njira yopemphera chipukuta misozi popanda kuzunzika ndi milandu zaka ndi zaka. Chachiwiri, mayi asabwezedwe ati chifukwa anachedwa kunena. Chachitatu, dzina lake libisidwe, ndipo pamodzi ndi ndalamazo alandire uphungu, mwayi wobwerera kusukulu, komanso kupepesa kolemba. Wolakwayo naye aimbidwe mlandu, boma lisagule chete ndi cheke.

Pakadali pano, mwana akakuuzani, mukhulupirireni. Pitani naye kuchipatala msanga, kanenani ku Victim Support Unit, ndipo sungani buku la kuchipatala ndi pepala la kupolisi. Wopanda ndalama za loya afike ku Legal Aid Bureau.

Ndipo inu mayi amene nkhaniyi ndi yanu, sitikuuzani kuti muimirire pagulu pano. Tsiku limene mudzafune kuyankhula, tidzakuperekezani.