Dziko Lapansi Ndi Nguli Yaikulu

Lero moni wapadera upite kwa ana a sukulu za kwa Chikomeni, kufupi ndi nkhalango ya Lukusuzi, kumene mdima wa usiku umaonetsa nyenyezi bwino lomwe. Funso lathu ndi ili: kodi nyenyezi zimene mumaona m'mwezi wa Novembala ndi zomwezo zimene anthu akalekale ankaona m'mwezi womwewo? Aphunzitsi, konzeranitu choko, lalanje limodzi, sipoko ya njinga, ndiponso nguli ngati ilipo.

Tiyambe ndi zimene mukuzidziwa kale. M'mwezi wa Novembala, minda itakonzedwa ndipo aliyense akudikira mvula yoyamba, kukangoyamba mdima kumatuluka kum'mawa kagulu ka nyenyezi zing'onozing'ono zothinana pamodzi. Kagulu kameneka ndi Nsangwe, ndipo m'mabuku a Chingerezi mudzakapeza ndi dzina loti Pleiades. Usiku ukakula pang'ono kumatulukanso nyenyezi zitatu zondondozana, zimene makolo anazitcha Akamwiniatsatana. Mitundu yambiri ya mu Africa inkawerenga nyengo ndi Nsangwe. Aswahili amazitcha Kilimia, Azulu amazitcha isiLimela, ndipo m'maina onse awiriwa mukumva mawu oti kulima. Tsono nyenyezi zinali kalendala ya mlimi mapepala asanabwere.

Koma pali kalendala inanso, ya dzuwa. Mukamaonetsetsa pamene dzuwa limatulukira m'mawa, mudzapeza kuti silitulukira malo amodzi chaka chonse. Mu Disembala limatulukira chakumwera pang'ono, mu Juni chakumpoto. Kawiri pa chaka, cha pa 21 Malichi ndi cha pa 23 Sepitembala, limatulukira kum'mawa kwenikweni, ndipo usana ndi usiku zimakhala zotalika mofanana. Tsiku lotere akatswiri a zakuthambo amalitcha equinox. Dzinja, chisanu ndi chilimwe zimatsata kalendala ya dzuwayi, ndipo kalendala imene yapachikidwa m'kalasi mwanu inakonzedwa kuti iziyenda nayo limodzi.

Dziwaninso kuti nyenyezi sizichoka kumwamba masana. Kuwala kwa dzuwa ndiko kumaziphimba. Choncho tsiku lililonse kuseri kwa dzuwa kumakhala gulu lina la nyenyezi, ndipo pa chaka dzuwa limaoneka ngati likudutsa pamaso pa magulu osiyanasiyana mpaka kubwerera pamene linayambira. Munthu angaganize kuti pa 21 Malichi chaka chilichonse dzuwa limaima pa nyenyezi zomwezomwezo. Si choncho ayi. Chaka cha nyenyezi ndi chotalika kuposa chaka cha dzuwa ndi mphindi pafupifupi 20. Mphindi 20 n'zochepa, nthawi yongokwanira kuphika nsima, koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Zikaunjikana kwa zaka 72 zimakwana tsiku lathunthu.

Amene anazindikira zimenezi anali Hipparchus, Mgiriki amene ankapima nyenyezi pa chilumba cha Rhodes zaka pafupifupi 130 Khristu asanabadwe. Iye analibe makina oonera kutali. Anali ndi maso ake, zida zopimira, ndiponso zolemba za Timocharis, amene anapima nyenyezi ku Alexandria m'dziko la Egypt zaka ngati 150 iye asanayambe ntchito yake. Atayerekeza zopima zake ndi za Timocharis, anapeza kuti nyenyezi yowala yotchedwa Spica inali itasuntha madigiri pafupifupi 2 poyerekeza ndi malo a equinox. Kusuntha kumeneku n'kumene lero kumatchedwa precession. Taonani, ana inu, kuti chinthu chachikulu chotere chinadziwika chifukwa munthu wina analemba mosamala zimene anaona, ndipo anthu ena anasunga zolembazo.

Nanga chimachititsa n'chiyani? Anyamata amene mumakwapula nguli pabwalo mukudziwa kale yankho, ngakhale simunaliganizire. Nguli ikamazungulira mwamphamvu imaima chilili. Ikapendekeka, imapitiriza kuzungulira mofulumira, koma mutu wake umayamba kuyenda pang'onopang'ono mozungulira, ngati ukujambula bwalo m'mwamba. Pamenepo nguli ili ndi mayendedwe awiri nthawi imodzi: lina lofulumira, lina lochedwa.

Aphunzitsi, tsopano bayani lalanje ndi sipoko kuchokera pamwamba mpaka pansi. Lalanjelo ndi dziko lapansi, ndipo sipokoyo ikuimira mzere wongoganizira umene dziko limazungulirapo, wochokera kumpoto kwenikweni mpaka kumwera kwenikweni. Pendeketsani sipokoyo pang'ono, pakuti dziko lathu ndi lopendekeka madigiri pafupifupi 23 ndi theka. Zungulitsani lalanje ndi zala: kumeneko ndiko kuzungulira kwa maola 24 kumene kumabweretsa usana ndi usiku. Tsopano, osasintha kupendekekako, yendetsani nsonga ya sipoko pang'onopang'ono kuti iloze pakhomo, kenaka pa bolodi, kenaka pawindo, mpaka ibwerere pakhomo. Ana aone kuti nsongayo yajambula bwalo kudenga. Dziko lathu limachita chimodzimodzi.

Chifukwa chake anachifotokoza Isaac Newton wa ku England m'chaka cha 1687. Dziko si lobulungira ndendende. Ndi lotupa pakati ngati dzungu. Kulipima modutsa pakati pa ikweta, ndi lalikulu ndi makilomita pafupifupi 43 kuposa kulipima kuchokera kumpoto mpaka kumwera. Mwezi ndi dzuwa zimakoka chotupa chimenechi ngati zikufuna kuliwongola dziko. Koma chinthu chozungulira sichiwongoka chikakokedwa motero. M'malo mwake nsonga yake imatembenukira kumbali, monga ichitira nguli.

Tsopano tengani makope anu tiwerengere. Bwalo lililonse lili ndi madigiri 360. Malo a equinox amasuntha digiri imodzi pa zaka pafupifupi 72. Chulukitsani 360 ndi 72. Mwapeza 25,920. Akatswiri atapima mosamala kwambiri amapeza zaka pafupifupi 25,800. Imeneyo ndiyo nthawi imene nguli yaikuluyi imatenga kuti ijambule bwalo limodzi lokha. Kodi digiri imodzi ndi yaikulu bwanji? Tambasulani mkono wanu, muloze kumwamba ndi chala chaching'ono: kukula kwa nsonga ya chalacho ndi digiri imodzi, kapena miyezi iwiri yathunthu yogundizana. Agogo a zaka 72 aona thambo likusuntha chala chimodzi chokha pa moyo wawo wonse. N'chifukwa chake palibe mlimi amene akanazindikira zimenezi ndi maso okha.

Tiyese ndi mbiri ya kwathu. Mu Novembala 1835 Angoni a Zwangendaba anaoloka mtsinje wa Zambezi tsiku limene kunachitika kadamsana wa dzuwa. Kuchokera nthawi imeneyo papita zaka pafupifupi 190, ndipo kutuluka kwa Nsangwe kwachedwa ndi masiku osakwana 3. Koma kuchokera nthawi ya Hipparchus papita zaka zoposa 2,100, ndipo kuchedwako kwakwana mwezi wathunthu. Zikadzapita zaka 13,000, theka la bwalo, Akamwiniatsatana amene timawaona madzulo m'dzinja adzaoneka madzulo m'nyengo yachisanu. Mvula siidzawatsatira, chifukwa mvula imamvera dzuwa.

Zizindikiro zina zili kumalekezero a thambo. Anthu a maiko a kumpoto ali ndi nyenyezi yotchedwa Polaris, imene nsonga ya dziko ikuloza masiku ano. Ife kwa Chikomeni sitiiona chifukwa ili kunsi kwa malekezero a maso athu. Pamene Aigupto ankamanga mapiramidi, zaka zoposa 4,500 zapitazo, nsongayo inkaloza kufupi ndi nyenyezi ina, Thuban. Zaka 12,000 zikubwerazo idzaloza kufupi ndi Vega, nyenyezi yowala imene inu mungaione chakumpoto madzulo a mu Ogasiti. Kumwera nakonso kuli umboni. Makolo anali ndi dzina lokoma la nyenyezi za kumwera, loti Kumpotosimpita. Komatu nyenyezi zinayi za Mtanda wa Kumwera zinkaoneka ku Greece m'masiku akale, ndipo lero sizionekanso kumeneko.

Tsopano tifike pa nkhani imene yasokoneza anthu ambiri. Kale ku Babylon anthu anagawa njira ya dzuwa m'zigawo 12, nazitcha maina a magulu a nyenyezi. Gawani 25,800 ndi 12. Mwapeza 2,150. Ndiye kuti malo a dzuwa pa equinox ya Malichi amakhala zaka ngati 2,150 m'chigawo chimodzi, kenaka n'kubwerera m'mbuyo kulowa m'china. Zaka 5,000 zapitazo anali mu Taurus, kutanthauza Nkhunzi, gulu limene muli Nsangwe. Kenaka analowa mu Aries, Nkhosa Yamphongo. Kuyambira chakufupi ndi nthawi ya kubadwa kwa Khristu ali mu Pisces, Nsomba. Kutsogolo adzalowa mu Aquarius, Wotunga Madzi. Mpaka pamenepa zonse n'zoona, ndipo zimapimika.

Koma anthu oombeza ndi nyenyezi anawonjezerapo zawo. Iwo amati chigawo chilichonse ndi nyengo yaikulu imene imalamulira makhalidwe a anthu, zipembedzo ndi maufumu. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 achinyamata ambiri a ku America ndi ku Ulaya ankanena kuti nyengo ya Aquarius yayandikira, ndipo idzabweretsa mtendere ndi chikondi pa dziko lonse. Mawu otere akumvekabe, pamodzi ndi maula a nyenyezi amene amalembedwa m'manyuzipepala ndi pa foni, onena za mwayi wa munthu potengera tsiku lake lobadwa.

Ana inu, musamangomeza mawu, muziwapima. Choyamba, oombezawo sagwirizana okhaokha. Ena amati nyengo ya Aquarius inayamba zaka mazana apitawo, ena amati inayamba m'zaka za m'ma 1900, ena amati kwatsala zaka zoposa 1,000. Tikatsata malire a magulu a nyenyezi amene bungwe la akatswiri la International Astronomical Union linasindikiza mu 1930, equinox idzalowa mu Aquarius cha m'ma 2600. Ndipo malire amenewo anawajambula ndi anthu kuti ntchito iziyenda bwino. Kumwamba kulibe mpanda.

Chachiwiri, zithunzi za nkhunzi, nkhosa ndi nsomba zili m'maganizo a anthu. Pamene Agiriki anaona lamba wa mlenje, makolo athu anaona akamwini akutsatana. Nyenyezi za gulu limodzi nthawi zambiri zimakhala zotalikirana kwambiri. Zimangooneka zoyandikana chifukwa cha pamene ife taima.

Chachitatu, nguli yomweyi yawasiya m'mbuyo maula a m'nyuzipepala. Iwo amati wobadwa pa 25 Malichi ndi wa Aries, koma tsiku limenelo dzuwa limakhala pamaso pa nyenyezi za Pisces. Maina a zigawo anatsala pamene anali zaka 2,000 zapitazo, nyenyezi n'kusuntha.

Chachinayi, yang'anani mbiri. Malonda a akapolo, kutha kwake, ulamuliro wa atsamunda, ndiponso ufulu wa Zambia pa 24 Okutobala 1964, zonsezi zinachitika m'nyengo imodzi yomweyo ya Nsomba. Zinasintha chifukwa cha zimene anthu anaganiza ndi kuchita. Mwana amene akhulupirira kuti nyenyezi zinamulembera kale zotsatira za mayeso a Giredi 7 amaleka kuwerenga, ndipo akalephera amanamizira thambo.

Kodi tsono kugwedezeka kwa dziko kulibe kanthu pa moyo wa anthu? Kuli nako ndithu, koma kudzera m'dzuwa ndi mvula. Njira imene dziko limayenda pozungulira dzuwa si bwalo lenileni, motero pali nthawi imene timayandikira dzuwa pang'ono. Masiku ano zimenezi zimachitika kumayambiriro kwa Januwale. Zaka ngati 11,000 zapitazo zinkachitika m'nyengo yotentha ya kumpoto kwa Africa. Kutentha kowonjezerekako kunkakoka mphepo ya mvula kuchokera kunyanja kupita kumtunda, ndipo chipululu cha Sahara chinali dziko la udzu, mitsinje ndi nyanja. Nyanja ya Chad inali yaikulu kopambana kuposa lero. Pa miyala ya ku Tassili n'Ajjer m'dziko la Algeria pakadali zithunzi za ng'ombe ndi nyama zakutchire zimene anthu a nthawi imeneyo anajambula. Pofika zaka ngati 5,000 zapitazo dzikolo linali litauma. Umenewu ndi umboni umene munthu angathe kupita kukauona.

Ntchito yanu ya sabata ino ndi iyi. Aphunzitsi, pezani kope limodzi lolimba, mulembe pachikuto pake dzina la sukulu ndi chaka. Mwana aliyense akafunse agogo ake mwaulemu maina a nyenyezi amene akuwadziwa, m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chingoni, ndiponso zimene nyenyezizo zinkawauza za kulima ndi kukolola; mayankhowo alembedwe m'kopemo. Mu Novembala sankhani mtengo kapena phiri la kum'mawa, mulembe tsiku ndi nthawi imene mwaona Nsangwe pamwamba pake. Pa 21 Malichi ndi pa 23 Sepitembala lawirirani kusukulu, muime pa mwala umodzi, mukhomere chikhomo pamene dzuwa latulukira. Muzichita zimenezi chaka ndi chaka, ndipo kopelo lizisungidwa m'kabati ya a hedimasitala, kutali ndi chiswe. Timocharis sanamuone Hipparchus, koma zolemba zake zinagwira ntchito patapita zaka 150. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Phunziro lathu lathera pamenepa. Tsalani bwino aphunzitsi, tsalani bwino ana inu, mpaka tidzamvanenso sabata yamawa.