Bwalo lathu lili pati pa pulaniyo?

Ine ndi mwana wa konkuno ku Mtakataka, zaka 24, digiri ili m'chikwama, ntchito njee. Nthawi ndili nayo yambiri, ndiye ndakhala ndikuwerenga mapepala a boma amene ambirife sitiwatsegula n'komwe. Lero za shuga ndi mafuta tiziike kaye pambali. Ndikufuna tikambe za bwalo. Eya, bwalo la mpira, ndi malo oti munthu akhale pamthunzi popanda womufunsa kuti wagula chiyani.

Ndaona ena mwayamba kale kuseka, eti anthu akugona ndi njala iwe ukuti paki? Dikirani kaye. Mademo a 2019 ku Lilongwe ankayambira pati? Pa Community Ground. Ku Blantyre pa Kamuzu Upper Stadium, ku Mzuzu pa Katoto. Gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino limatipatsa ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere. Nanga tizisonkhana pati bwalo likasanduka mashopu?

Taonani mmene kuno kukusinthira. Tili pa msewu wa M5, njanji ya pakati pa Salima ndi Balaka imadutsa pompano, mpunga wa ku sikimu ya Bwanje umaitana mavenda, alendo amapita ku Mua kukaona KuNgoni, ndipo ku Golomoti kuli magetsi a dzuwa a mamegawati 20 kuyambira 2022. Pa ndondomeko ya boma ya mizinda ing'onoing'ono isanu ndi itatu yoti ikule pofika 2063, Salima ndi Chipoka zilipo, ndipo Chipoka ndi apa, msewu womwewu. Aliyense tsopano akufuna puloti m'mbali mwa tala. Malo otere akamakula, choyamba kudyedwa ndi chimene chilibe mwini wooneka. Munda uli ndi mwini. Manda palibe angayerekeze. Koma bwalo? Chimayamba ndi kontena pakona. Kenako wina waumba njerwa kuseri kwa golo, uvuni wayaka. Chaka chinacho golo yasunthidwa pang'ono kuti padutse mpanda, ndipo mukamadzazindikira wosewera kuphiko akuthamanga m'chimanga cha munthu. Palibe tsiku limene wina amalengeza kuti lero tikulanda bwalo.

Tsono njira ya chitukuko papepala ndi yabwinobwino. Kuyambira pa lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, maganizo amayenera kuchokera pansi: mudzi ukambirane mu VDC, zofuna zake zilembedwe, zipite ku ADC ya dera la mfumu yaikulu, kuchoka apo zikalowe mu pulani ya chitukuko ya khonsolo, kwa ife ku Dedza boma, pulani imene imayenda zaka zingapo isanalembedwenso. Chimene sichinalowe mu pulaniyo kupeza ndalama n'kovuta. Koma kumbukirani kuti dziko lino linakhala lopanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014. Zaka 9 zimenezo zinasiya chizolowezi choganizira anthu m'malo mowafunsa, ndipo chizolowezi sichitha msanga.

Ngakhale pamene afunsa, amafunsa ndani? Msonkhano umakhala mmawa pakati pa sabata. Wa kabaza ali pa siteji, mtsikana ali m'kalasi kapena ku mjigo, wogulitsa tomato ali pamsewu. Akuluakulu amene abwerawo akafunsidwa amati mjigo, mlatho, buloko ya sukulu. Sakulakwa ayi, zonsezo n'zofunika, ndipo ifenso timamwa madzi omwewo. Koma bwalo palibe alitchula, chifukwa olisewerapo sali pamenepo. Lipoti likamalembedwa limati anthu afunsidwa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 51 mwa 100 aliwonse m'Malawi sanakwane zaka 18. Ndiye "anthu" amene afunsidwawo ndi ati? Za mawekishopu a m'malojI a kunyanja, kumene maganizo amatha nthawi imodzi ndi alawansi, sindiyambako, mukuzidziwa.

Ndiye ife tikuti maganizowo tisonkhanitse tokha, tiwalembe, tikawapereke asanatseke pulani. Osati kavoti ka pa WhatsApp kokha. Amene ali ndi foni yaikulu komanso bandulo ndi ochepa, ndipo si iwo amasewera fulaye madzulo. Tiyenda ndi kope, mudzi ndi mudzi, ndi mafunso ochepa: mumasewera pati, kale munkasewera pati, malowo anapita kuti, ndipo chikanakhalapo chinthu chimodzi chokha mukanasankha chiyani?

Apa ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene tingaphonye. Tikaitana gulu limodzi, anyamata alankhula okha, ndipo kope lonse lidzadza ndi mpira wamiyendo. Atsikana afunsidwe paokha, wofunsayo akhale mtsikana mnzawo. Mumva zina: bwalo la ntchemberembaye losakumbika, chimbudzi chokhala ndi chitseko, malo osinthira zovala, njira yoti abwerere kunyumba osadutsa pa shabini. Dera lino linadziwika dziko lonse lapansi chifukwa Inkosi Theresa Kachindamoto anathetsa maukwati a ana, atsikana n'kubwerera kusukulu. Chabwino, abwerera. Akaweruka masana apite kuti? Tabitha ndi Temwa Chawinga anachokera kumudzi ku Rumphi, ndipo mu 2024 Temwa anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya amayi ya ku America. Mwana ngati ameneyo akhoza kukhala ali pa Golomoti pompano, alibe pomenyera mpira.

Ana aang'ono a phada afunsidwe. Agogo a bawo afunsidwe, komanso mnzathu woyenda pa njinga ya olumala atiuze ngati angafike pamalopo. Ndipo kuno ndi kuchigwa, si ku Dedza boma kozizira. Dzuwa la Okutobala mumalidziwa. Paki ya kuno ndi mitengo choyamba, mabenchi pambuyo. Nthawi ya mvula funsani kuti madzi amaima pati Namikokwe, Nadzipulu kapena Livulezi akakwiya, kuti asadzatipatse dambo n'kumati nalo bwalo lanu.

Bwalo lililonse tiliyeza, ngakhale ndi mapazi, tilijambula ngodya zonse, ndipo tifunsa akuluakulu kuti analipereka ndani. Kwa amfumu tipita mwaulemu, osati ndi zikwangwani. Lamulo la malo a m'midzi la 2016 linabweretsa makomiti a malo otsogozedwa ndi agulupu, ndiye pempho lathu kumeneko ndi limodzi: bwalo lilembedwe kuti ndi la anthu onse, malire ake adziwike, tidzalemo mitengo m'malirewo.

Kwa andale. Chikho cha nthawi ya kampeni tachiona kokwanira, ma jersey okhala ndi nkhope yawo, fainolo ikatha bwalo lili ndi chulu chomwecho pakati. Makhansala ndi aphungu amene tinawasankha pa 16 Seputembala 2025 tikuwapempha mzere mu pulani ndi mzere mu bajeti, kaya ndi ya CDF kaya ya khonsolo. Lamulo lopezera uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ndiye tilemba kalata kupempha pulani ya chitukuko ndi mapu a kagawidwe ka malo pa Mtakataka ndi pa Golomoti. Inu a m'tauni chitani chimodzimodzi: wa ku Area 25, wa ku Ndirande, wa ku Chibavi, funsani khonsolo yanu kuti malo osewerera a kwanuko ali pati pa mapu, mutitumizire yankho.

Ife tiyamba Loweruka lino, 2 koloko masana, pa bwalo la pulayimale. Tikufuna anthu awiriawiri pa mudzi uliwonse, mnyamata ndi mtsikana. Bwerani ndi kope, bolopeni ndi madzi anu akumwa. Alawansi kulibe, ndanenerathu.