KADAMSANA NDI MAFUNSO AMENE ANZERU AKALI KUFUNSA

Lero tisiye kaye nkhani ya mitengo ya fodya ku Limbe, tikweze maso kumwamba.

Ambiri a inu mukukumbuka tsiku la 21 June 2001. Masana, cha m'ma 2 koloko, dzuwa linayamba kudyeka. Kuno ku Blantyre mbali yaikulu ya dzuwa inabisika, ndipo kuwala kunazirala ngati madzulo. Ku Lusaka kunagwa mdima weniweni kwa mphindi zitatu. Ameneyo ndiye kadamsana. Si ufiti ayi, ndiponso si malodza. Mwezi udutsa pakati pa dzuwa ndi dziko, ndipo mthunzi wake utigwera. Akatswiri atha kuwerengera tsiku lake zaka zambiri lisanafike, athanso kuwerengera chobwerera m'mbuyo. Makolo a Angoni a kwa M'mbelwa ndi a kwa Mpezeni ankasimba kuti dzuwa linada pamene Zwangendaba ankaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo. Powerengera kunapezeka kuti kadamsana anaonekadi kumeneko mu November 1835. Mawu a nkhalamba ndi masamu zinagwirizana.

Tsono mverani za kadamsana wina. M'chaka cha 1915 munthu wobadwira ku Germany, dzina lake Albert Einstein, ananena kuti chinthu cholemera ngati dzuwa chimapinda malo ochizungulira, chimachedwetsanso nthawi. Anthu anayi akakoka nsalu m'ngodya zake, wina naika dzungu pakati, nsaluyo imalowa. Mukagubuduza mtedza pamenepo, njira yake ikhota. Iye anati ngakhale kuwala kwa nyenyezi kumakhota chomwecho podutsa pafupi ndi dzuwa. Koma nyenyezi yoyandikana ndi dzuwa mungaione bwanji usana? Panafunika kadamsana. Pa 29 May 1919 Mngelezi wina, Arthur Eddington, anajambula zithunzi pa chilumba cha Príncipe kuzambwe kwa Africa, anzake ali ku Sobral m'dziko la Brazil. Nyenyezizo zinaoneka zitasendera pang'ono, monga Einstein ananenera.

Mwina mfumu ina ikuti, nanga zimenezi zindithandiza chiyani pa milandu ya m'mudzi mwanga? Mfumu, zafika kale pa malire a minda yanu. Anthu oyesa malo masiku ano amabwera ndi kachipangizo kotchedwa GPS, kamene kalinso m'mafoni ambiri. Kameneka kamamvera mawotchi a m'makina ozungulira dziko pa mtunda wa makilomita 20,000 kumwamba. Mawotchi amenewo amathamanga pang'ono kuposa athu, chifukwa ali kutali ndi kulemera kwa dziko. Kusiyana kwake n'kochepa zedi, koma akadapanda kukukonza ndi masamu a Einstein, pa tsiku limodzi lokha chipangizocho chikadasokera makilomita 10, monga kuuza munthu wa ku Limbe kuti munda wake uli pakati pa tauni ya Blantyre.

Izi n'zoyesedwa, ndipo zatsimikizika. Koma zilipo zina zimene anzeru omwewo akali kuzifufuza, ndipo ine ndiyesa zimenezi ndizo zokoma kuzimva.

Usiku wopanda mwezi, inu a kumudzi mumaona bwino Mlalang'amba, mzere woyera uja wodutsa kumwamba. A ku Ndirande ndi ku Limbe magetsi amawabisira. Mzerewo ndi khamu la nyenyezi zosawerengeka, ndipo dzuwa lathu ndi imodzi mwa izo. Makamu otere alipo ambirimbiri, ndipo ambiri a iwo amazungulira ngati gudumu. M'zaka za m'ma 1970 mayi wina wa ku America, Vera Rubin, anayesa liwiro la nyenyezi za m'mphepete mwa makamuwo napeza kuti zithamanga koposa. Kulemera kwa zinthu zooneka sikukwanira kuzigwira kuti zisamwazike. Mlimi akanyamula thumba looneka ngati latheka, koma likulemera ngati lodzaza, adziwa kuti muli kanthu. Momwemonso akatswiri ati kuli chinthu cholemera chosaoneka. Achifunafuna ndi makina m'migodi yakuya kwa zaka zambiri, koma mpaka lero palibe amene wachigwira. Ena ochepa akuti mwina masamu a Einstein ndiwo afunika kuonjezera.

Chachiwiri n'chodabwitsa koposa. Mu 1929 Edwin Hubble anaonetsa kuti makamu a nyenyezi akutalikirana, ndiye kuti chilengedwe chikufutukuka. Anthu anayembekeza kuti kufutukukako kukucheperachepera, monga mwala woponyedwa m'mwamba. Koma mu 1998 magulu awiri a akatswiri anapeza kuti kukuonjezera liwiro. Chikukankha n'chiyani? Anangochitcha mphamvu ya mdima, ndipo dzinalo silifotokoza kanthu. Mwa kuwerengera kwao, tikagawa zonse zili m'chilengedwe magawo 100, magawo 5 okha ndiwo zinthu zimene tizidziwa, monga dothi, madzi, nyenyezi ndi matupi athu. Magawo 27 ndi cholemera chosaoneka chija, ndipo 68 ndi mphamvu ya mdima. Ngakhale pa liwiro la kufutukukako pali mkangano: njira ina yoyesera ipereka 67, ina ipereka 73, ndipo mlanduwo sunagamulidwe. Mwa amene akufufuza zimenezi muli anansi athu a ku South Africa, amene mu 2018 anatsegula makina otchedwa MeerKAT, a mbale zazikulu 64, m'chipululu cha Karoo.

Pomaliza, mafumu, sungani tsiku ili: 25 November 2030. M'mawa wa tsiku limenelo kadamsana adzadetsa mbali zina za Namibia, Botswana ndi South Africa, ndipo kuno kwathu dzuwa lidzadyeka mbali imodzi. Uzani anthu anu kuti pasakhale womloza chala mnzake kuti walodza dzuwa. Makamaka letsani ana kuyang'ana dzuwa ndi maso, ngakhale ndi galasi lodetsedwa ndi utsi, pakuti liwononga maso popanda kumva kuwawa. Wofuna kuona akaime pansi pa mtengo wa masamba ambiri ayang'ane pansi. Timadontho ta kuwala timene timagwa pa dothi tidzaoneka ngati timiyezi tatsopano.

Gonani bwino nonse.